Madzi Saiwala Khwawa: Anzathu Akale Akabwera Kumudzi

Kwa mtsogoleri wa kalabu: phunziroli liwerengedwe mokweza, anyamata ndi atsikana ali pamodzi. Musathamange. Pamene anthu ayamba kuseka kapena kung'ung'udza, imani kaye pomwepo mukambirane, chifukwa pamenepo ndiye pali nkhani.

Achinyamata anzanga, mango akayamba kupsa, mchenga wa kunyanja ukamawotcha kuphazi moti sungayende wopanda patapata, timadziwa kuti nyengo ya alendo yafika. Sindikunena azungu opita ku Chembe kapena ku Nkopola ayi. Ndikunena anzathu aja tinkasambira nawo padoko, tinkatola nawo usipa wogwa pathandala, tinkakhala nawo benchi imodzi ku pulayimale.

Kuyambira mu Novembala mpaka Januwale midzi yathu imadzaza. Mabasi ochokera ku Joni amawoloka pa Beitbridge, kudutsa dziko la Zimbabwe, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa kwathu kuno kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza. Pakangopita masiku ochepa mumaona magalimoto akuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi atasenza matiresi, mafiriji, masola ndi zikwama zikuluzikulu, ulendo wa ku Namwera, kwa Katuli, ku Malindi ndi kwa Makanjira. Nthawi yomweyonso boma limaletsa makoka ena panyanja kuti chambo chiswane, ndiye alovi ambiri amene anali ku Msaka, ku Malembo kapena ku Makawa amabwerera kwawo. Onjezanipo a ku sekondale amene atsekera, ndi achemwali athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mudzi umene unali zii, lero sipika ikulira mpaka tambala woyamba.

Ndi nyengo yokoma, ndipo ine sindibwera kudzaithira madzi. Mnzako wa paubwana sagulidwa pamsika. Koma ndi nyengonso imene maubwenzi ambiri amathera pa nsanje ndi miseche, ndipo zibwenzi zakale zimadzuka popanda wofunsa mnzake kumene wadutsa. Tiyeni tikambirane zimenezi alendowo asanatsike basi.

Ulendo wa ku Joni sunayambe lero

Funsani agogo anu za Wenela. Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino ankalembedwa ntchito ya kumigodi ya ku South Africa, ndipo ankapita pa ndege kudzera ku Francistown m'dziko la Botswana. Mu Epulo 1974 ndege ina inagwa ku Francistown komweko n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, lija agogo amati Theba.

Mvetserani bwino mmene unathera. Eni migodi atapeza kuti Amalawi pafupifupi 200 ali ndi kachirombo ka HIV, anafuna kuti aliyense aziyezedwa magazi asananyamuke kuno. Boma la Malawi linakana. Mapeto ake, pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi. Kumeneko ankatiloza chala kuti ife ndife tikubweretsa matenda. Lero ifenso, mnzathu akatsika basi, timanong'onezana kuti "a ku Joni ndi amene amabweretsa matenda". Chala chomwe chija chimene anawaloza agogo athu, ife tikuwaloza nacho achimwene athu.

Zoona zake n'zakuti kachirombo kalibe pasipoti. Kuno kwathu munthu woyamba anapezeka nako mu 1985, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 9 anali nako. Amene anapita akhoza kubwera alibe, n'kudzakatengera pakhomo pomwe pano kwa amene anatsala. Amene anatsala naye akhoza kukhala alibe, n'kukatenga kwa wobwera. Palibe mbali yoyera. Chimene chimaika munthu pachiswe si dziko limene wakhala, koma kugonana mosadziteteza ndi munthu amene sukudziwa mmene m'thupi mwake mulili.

Mnzako wabwera, koma si yemwe uja

Chinthu choyamba chimene chimapweteka ndi ichi: munasiyana muli ofanana, lero simukufanananso. Iye wabwera ndi foni yaikulu, nsapato zoyera, akulankhula mosakaniza ndi Chizulu. Iwe ukadali ndi malaya omwe aja, m'manja muli zikang'a za nkhafi kapena za khasu. Wina amayamba kumuthawa mnzakeyo chifukwa cha manyazi. Wina amamumatirira ngati nkhupakupa, m'mawa uliwonse ali pakhomo, "Aise, ya sopo". Zonse ziwiri zimapha ubwenzi.

Ndikuuzeni chinsinsi chimene obwera ambiri sanena pagulu. Katundu uja mukumuona ndi wa zaka zitatu kapena zinayi, wosonkhanitsidwa ndi munthu amene ankagona m'kachipinda kamodzi ndi anzake asanu, akugwira ntchito m'shopu kapena m'munda wa bwana, ena akuthawa apolisi chifukwa masiku a pasipoti anatha. Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zodana ndi obwera. Mu Epulo 2015 zinabukanso ku Durban, ndipo boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ake; ambiri mwa iwo anali a kuno ku Mangochi. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, enanso anabwerera ntchito zitatha. Mnzako akamakuuza kuti "ku Joni ndalama n'zongotola", mufunse muli awiri: umagona pati? Ukadwala umapita kuti? Unabwezapo kale ngongole ya thiransipoti? Ukamufunsa mwaulemu adzakuuza zoona, ndipo mwina aka kakhala koyamba kuti munthu amufunse za iye mwini osati za chikwama chake.

Ndiye pali wina amene wabwera chimanjamanja. Mwina anagwidwa n'kusungidwa ku Lindela, kenaka n'kubwezedwa ndi zovala za m'thupi zokha. Mwina ndi wa ku sekondale amene mayeso sanamuyendere. Ameneyu simumuona pabwalo la mpira. Amadzitsekera m'nyumba, amatuluka kukada, ndipo ena amayamba kachasu kapena chamba kuti aiwale. Kwa ine, uyu ndiye mnzathu woyamba kumuyendera. Osapita ndi mafunso ambiri. Pita ndi bawo, kapena umuitane akuthandize kusoka ukonde. Ukamva akunena mawu ngati "bola kungofa", usaseke ndipo usasunge wekha. Uza munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira, ndipo mupite naye kuchipatala.

Wachitatu ndi amene wabwera ataonda. Apa ndiye pamene malilime athu amathamanga. Munthu amaonda ndi njala, ndi ntchito yakalavulagaga, ndi maganizo, ndi shuga, ndi chifuwa chachikulu cha TB. Palibe amene anayezapo magazi a mnzake ndi maso. Ngati akutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo, akutuluka thukuta usiku, ntchito yako ndi kumuperekeza kuchipatala, osati kukalengeza padoko. TB imachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma.

"Koma ndimamudziwa kale"

Tsopano tafika pa mtima wa phunziro lathu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mnyamata ndi mtsikana amene anali pachibwenzi ali Sitandade 8 kapena Fomu 2 akakumananso patapita zaka zitatu, sayamba ndi moni wa alendo. Amayambira pamene analekezera. Munthu wachilendo umamuopa, umafunsa za iye, ndipo mwina umakumbuka kondomu. Koma wakale umati, "Uyu ndi wanga, ndimamudziwa, makolo ake ndimawadziwa, tinayezetsa limodzi chaka chija."

Taganizani bwino. Zotsatira za chaka chija zinanena za magazi a chaka chija. Kuchokera pamenepo padutsa miyezi 36. Iye wakhala kwina, iwe wakhala kuno. Kodi angakuuze onse amene wagona nawo? Nanga iwe ungamuuze onse? Tisanamizane, anzanga, nafenso otsala sitinangokhala pansi pa mtengo kudikira. Munthu amene ukumudziwa ndi wa kale uja. Wa lero uyu uyenera kumudziwanso kachiwiri.

Kafukufuku yemwe uja wa 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 amene anali ndi kachirombo, pafupifupi 12 sankadziwa kuti ali nako, ndipo osadziwawo anachuluka pakati pa achinyamata. Ndiye mnzako akamalumbira kuti "ndili bwinobwino", mwina sakunama. Mwina sakudziwa basi. Munthu akhoza kukhala ndi kachirombo zaka zambiri ali wonenepa, wamphamvu, akukoka khoka tsiku ndi tsiku.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Munthu amene wangotenga kumene kachirombo, m'masabata oyambirira, amakhala nako kochuluka kwambiri m'magazi, ndipo ndi nthawi imene amapatsira mnzake mosavuta. Koma nthawi yomweyo chipangizo choyezera chikhoza kusakaona, chifukwa thupi limakhala lisanapange asilikali amene chipangizocho chimafufuza. Nthawi imeneyi imatha kufika miyezi itatu. Choncho amene anatsanzikana ndi chibwenzi china sabata yatha, kaya ku Johannesburg, kaya ku Msaka, kaya mudzi woyandikana nawo, akhoza kuyezetsa lero n'kupezeka alibe, chonsecho ali nako. N'chifukwa chake aphungu amakuuzani tsiku lobweranso. Mukayezetsa limodzi koyamba, musataye kondomu tsiku lomwelo. Dikirani kuyezetsa kwachiwiri.

Atsikana, ndilankhule nanu pang'ono. Wobwera amakhala ndi changu. Ali ndi masabata anayi kapena asanu, kenaka basi ikunyamuka. Amabwera ndi foni, ndi nsalu, ndi lonjezo lakuti "ndikakafika ndikutumizira ya pasipoti". Nthawi zina amayamba wadzera kwa amalume ako, ndipo pakhomo ponse pamakhala pakukukankha kuti mwayi suchedwa. Tayang'anani m'mudzi mwanu momwemo: ndi atsikana angati amene anakwatiwa mu Disembala, mwamuna n'kunyamuka mu Januwale, lero mwana akuyenda koma bambo ake sanamuonepo? Sindikuti onse amatero. Alipo amene amatumiza ndalama mokhulupirika, n'kumanga nyumba ya malata. Koma amene akukufunadi sangakane kupita nawe kukayezetsa, ndipo sangakutulutse m'kalasi. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera. Akakukakamiza, kanene kwa aphunzitsi aakulu, kwa amayi a gulu loona za atsikana pasukulu, kwa amfumu, kapena ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa.

Anyamata, inunso musaone ngati mwapulumuka. Amene mwabwera ndi ndalama, anzanu adzakutamandani kuti ndinu madolo mukamasintha atsikana sabata iliyonse. Ndalama zikatha, otamanda aja simudzawaonanso. Ndipo inu otsala, musapikisane ndi wobwera pofuna kuonetsa kuti nanunso ndinu amuna. Ena mumati, "Ine ndinapita kujando, sindingatenge." Mdulidwe wa kuchipatala, wochotsa khungu lonse, umachepetsa chiopsezo cha mwamuna ndi pafupifupi 60 pa 100. Kuchepetsa si kuchotsa. Komanso si mdulidwe uliwonse wa kumudzi umene umachotsa khungu lonse. Achipatala akhoza kukuonani n'kukuuzani.

Nanga tichite chiyani?

Kudziletsa kukadali njira yosakayikitsa, ndipo palibe lamulo lakuti chibwenzi chakale chikabwera uyenera kugona nacho. Ukhoza kumulandira, kucheza naye pakhonde, kumuperekeza, n'kuthera pomwepo. Mawu akuti "zija zinali zakale" si chipongwe.

Ngati nonse ndinu akuluakulu ndipo mwagwirizana kuyambiranso, yambirani kuchipatala. Kuyezetsa ndi kwaulere pa chipatala cha boma ku Mangochi, ku Monkey Bay ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'madera mwathu, ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Amene akuopa kuonedwa pamzere afunse za kachipangizo kodziyezera wekha, kopaka ku nkhama, kamene kamaonetsa zotsatira pakatha mphindi 20. Kakaonetsa mizere iwiri, pitani kuchipatala akatsimikize ndi magazi. Kondomu igwiritsidwe ntchito nthawi iliyonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Musaisunge padzuwa kapena m'thumba la kumbuyo kwa miyezi, kutentha kwa kuno kumaiwononga. Imatetezanso ku mimba, chindoko, chinzonono ndi mabomu.

Zikachitika mwangozi, kondomu yaphulika, munaledzera, kapena wina wakugwiririra, musakhale pansi kulira mpaka sabata ithe. Kuli mankhwala otchedwa PEP amene amaletsa kachirombo kukhazikika m'thupi. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Amamwedwa kwa mwezi umodzi osadumphitsa. Kulinso PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachirombo amamwa pofuna kudziteteza ngati akudziwa kuti ali pachiopsezo, monga mayi amene mwamuna wake amangoyendayenda ndipo amakana kondomu. Funsani achipatala ngati alipo pa chipatala chanu.

Mowa ndiwo umagwetsa mapulani onsewa. Wobwera amagulira anzake, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Pa kalabu ino tigwirizane kuti popita kudansi kapena kuvidiyo tizipita awiriawiri, ndipo amene wapita ndi mnzake abwerenso naye.

Mnzako akakuululira

Nthawi zina kucheza kwa usiku kumafika pakuti mnzako wakale amatsitsa mawu n'kunena kuti, "Aise, ine ndinayamba kumwa mankhwala." Wakusankha iwe pakati pa mudzi wonse. Usadzidzimuke ngati waona njoka, ndipo usayambe kumufunsa kuti anakatenga kwa ndani. Muthokoze kuti wakukhulupirira. Nkhaniyo ithere m'makutu mwako. Ngakhale chibwenzi chako, ngakhale amayi ako, asaimve kwa iwe.

Funso lothandiza ndi limodzi: "Mankhwala uli nawo okwanira?" Obwera ambiri amatenga a mwezi umodzi, kenaka ulendo umatalika chifukwa ndalama yobwerera yasowa. Ena amabisa botolo pansi pa chikwama, n'kumadumphitsa poopa kuti abale awaona. Kudumphitsa kumapatsa mpata kachirombo kuti kachulukenso ndi kuyamba kusamva mankhwala. Muuze kuti asadikire botolo lithe. Apite ku chipatala chimene chili pafupi, atenge botolo lake ndi kabuku kapena kalata ya kumene amalandirira, akafotokoze. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Ngati akuchita manyazi ndi chipatala cha kwanu chifukwa pali achibale, mukwere naye kabaza mupite china.

Ndipo dziwani ichi, chifukwa chimachotsa mantha ambiri: munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, mpaka achipatala atayeza n'kupeza kuti kachirombo sikakuonekanso m'magazi, sapatsira mnzake pogonana. Akhoza kukwatira, akhoza kubereka ana opanda kachirombo. Kunena zoona, mnzako amene akudziwa mmene alili ndipo akumwa mankhwala ndi wosaopsa kusiyana ndi uja akudzigunda pachifuwa kuti sanadwalepo koma sanayezetsepo. Kudyera mbale imodzi, kumwera chikho chimodzi, kugona mphasa imodzi ngati kale, zonsezi sizipatsirana kachirombo.

Sewero

Sankhani anthu anayi. Mtsikana ali Fomu 3. Mnyamata amene anali chibwenzi chake wabwera kuchokera ku Joni patatha zaka zitatu, ndipo wamubweretsera foni. Wachitatu ndi mchemwali wake wa mtsikanayo, amene akuti, "Iwe, landira, ukufuna udzakwatiwe ndi mlovi?" Wachinayi ndi mnzake wa mnyamatayo, amene anatsala kumudzi. Mnyamata akuti, "Ukundikayikira ine? Si ine yemwe uja?" Seweroli lichitike kawiri. Koyamba mtsikana agonje. Kachiwiri apeze mawu okanira kapena oti akayezetse, koma osamunyoza mnyamatayo. Kenaka sinthanani: wobwera akhale mtsikana wochokera ku Lilongwe, wotsala akhale mnyamata.

Oonerera asamangoseka. Alembe mawu enieni amene agwira ntchito, m'Chichewa kapena m'Chiyao, kuti tidzawagwiritse ntchito zikadzatichitikira.

Mafunso okambirana

Kodi n'chifukwa chiyani kutchula kondomu kwa chibwenzi chakale kumavuta kuposa kwa chatsopano?

Mnzako wabwera ndi ndalama ndipo akukugulira chilichonse. Kenaka akukutuma kuti ukamuitanire mtsikana wa zaka 15 wa m'kalabu mwanu. Umuyankha kuti chiyani, ndipo ukauza ndani?

M'mudzi mwathu, ndi mawu ati amene timanena tikaona munthu wabwera ataonda? Tikanakhala ife, tikanamva bwanji?

Kuchokera pamene takhala pano, malo oyezetsera magazi apafupi ali kuti, amatsegula masiku ati, ndipo kabaza ndi ndalama zingati? Ngati palibe akudziwa, asankhidwe awiri akafunse kwa alangizi a zaumoyo.

Ntchito ya sabata ino

Aliyense aganizire mnzake mmodzi wakale amene wabwera kapena akubwera, makamaka amene sakuoneka pagulu. Musatchule dzina lake pano. Mukamuyendere sabata ino isanathe. Alembi a kalabu akonze masewero a mpira wa miyendo ndi wa manja pakati pa obwera ndi otsala, ndipo apite kwa amfumu kukapempha bwalo. Awiri aja opita kwa alangizi a zaumoyo akafunsenso ngati aphungu angabwere ndi zoyezera pa tsikulo, ndi kuti hema wawo adzaikidwe chapatali ndi bwalo, kumene munthu angalowe osaonedwa ndi gulu lonse. Tsiku la masewero tidzagwirizana pa msonkhano wotsatira.